DZINA LA CORNELIUS: NYANGA YOITANA ANTHU

Pa tsiku la 16 September Eklezia Woyera akumbukira Cornelius Woyera, Papa ndi mmartiri, pamodzi ndi bwenzi lace Cyprian Woyera, Episkopi wa ku Carthage. Dzina limeneli, limene Akristu a kuno alichula Kornelio, ndi losowa ndithu. A Yosefe, a Petro ndi a Yohane ali mbwee m'midzi yonse. Koma munthu angathe kuyenda mtunda wautali m'dziko la Kamenyagwaza, kufunsa khomo ndi khomo, osapeza mnyamata woitanidwa nalo. Komabe mkristu wa ku Bembeke sayenera kukhala mbuli pa dzinali, pakuti ndilo dzina la Episkopi woyamba wa Dedza, ndiponso lidalembedwa m'Pemphero loyamba la Ukaristia pakati pa maina a Apapa ndi amartiri akale.

KUMENE LIDACOKERA

Ku Roma wakale dzinali lidali la mfunda, monga Phiri ndi Banda kwa Acewa, kapena ciwongo ca Maseko kwa Angoni. Eni ace adali banja lomveka kwambiri. Mmodzi wa iwo ndiye Publius Cornelius Scipio, amene adagonjetsa Hannibal ku Zama, kumpoto kwa Afrika, caka ca 202 Ambuye Yesu asanabadwe. Tsono padali mwambo wakuti kapolo akamasulidwa, atenge dzina la mfunda wa mbuye wace. Ndipo wolamula wina, Lucius Cornelius Sulla, adamasula akapolo ngati 10,000 amene onse adachedwa dzina lomweli. Motero dzina la akuluakulu lidalowa m'nyumba za amphawi ndi za alendo.

Ophunzira ambiri ayesa kuti tsinde lace ndi liu la Cilatini lakuti "cornu", ndiko kunena nyanga. Anthu a kuno adziwa kuti nyanga ili ndi nchito zosiyana. Ilipo nyanga ya nkhunzi, yogunda ndi kupweteka. Ilipo nyanga ya mfiti, yosungiramo zoipa mumdima. Koma iliponso nyanga yoboola bwino, imene munthu ailiza ngati lipenga kuti a kutali amve, asonkhane. M'Malembo Oyera nyanga ndi cizindikiro ca mphamvu: Samuele adadzoza Davide ndi mafuta a m'nyanga, ndipo Zakaria, bambo wace wa Yohane Mbatizi, adafanizira Mpulumutsi ndi nyanga. Anthu atatu ochedwa Cornelius aonetsa nyanga imene Mulungu aikonda.

MSILIKARI WA KU CAESAREA

Woyamba apezeka m'buku la Nchito za Apostoli, mutu 10. Iyeyu adali mkulu wa asilikari 100 m'gulu lochedwa la Italia, ndipo ankakhala ku Caesarea, m'mbali mwa nyanja. Sadali Myuda, koma ankaopa Mulungu pamodzi ndi banja lace lonse, ankapemphera kosalekeza ndi kuthandiza osauka. Tsiku lina, dzuwa litapendeka, mngelo adamuonekera namuuza kuti aitanitse Simoni Petro, amene adali ku Joppa m'nyumba ya munthu wofufuta zikopa. Cornelius adatuma anchito awiri ndi msilikari mmodzi.

Petro naye adafunika kumkonza mtima, pakuti Myuda sankalowa m'nyumba ya wakunja kapena kudya naye m'mbale imodzi. Cifukwa cace Mulungu adamuonetsa katatu cinsalu cotsika kumwamba, codzala ndi nyama zimene Ayuda ankaziyesa zonyansa, namphunzitsa kuti asanyansidwe ndi cimene Mulungu waciyeretsa. Petro adanyamuka ndi abale asanu ndi mmodzi, nakapeza Cornelius atasonkhanitsa kale abale ace ndi abwenzi ace. Ali cilalikire, Mzimu Woyera adatsikira onse akumva mau, ndipo Petro adalamula kuti abatizidwe.

Pobwerera ku Yerusalemu, Petro adafunsidwa mlandu ndi Akristu anzace cifukwa ca kudya ndi osaumbalidwa. Koma atawafotokozera zonse, adakhala cete nayamika Mulungu. Akulu akale adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mlendo ameneyu ndiye adadula cingwe cimene cidamanga khomo la Eklezia, ndipo mitundu yonse, Acewa ndi Angoni omwe, idalowera pa khomo lomwelo.

PAPA WA ANTHU AKUGWA

Waciwiri adakhala ku Roma pa nthawi ya mazunzo. Caka ca 250 mfumu Decius idalamula kuti munthu ali yense apereke nsembe kwa milungu ya boma ndi kulandira kalata ya umboni. Papa Fabian adafa m'mazunzomo, ndipo mpando wa Petro udakhala wopanda munthu koposa caka cathunthu. Akristu ena adalimba mpaka imfa, koma ambiri adacita mantha nataya cipembedzo. Caka ca 251 Cornelius adasankhidwa kukhala Papa, ndipo mlandu woyamba umene adaupeza udali wa akugwa aja, amene tsopano ankagogoda pa khomo ndi misozi.

Wansembe wina wophunzira kwambiri, dzina lace Novatian, adaumirira kuti wokana Kristu sangalandiridwenso, ngakhale alape cotani. Kwa iye madzi akatayika saoleka. Mwambiwo ndi woona pa madzi, koma munthu woomboledwa ndi magazi a Kristu si madzi ai. Cornelius adasonkhanitsa Aepiskopi 60 ku Roma, ndipo adagamula kuti wakugwa akalapa moona ndi kucita cilango cace, abwezedwe ku masakramenti. Cyprian ndi Aepiskopi a ku Afrika adabvomerezana naye. Novatian adadziika yekha ngati Papa, napatula mpingo wace.

Cifundo ca Cornelius cioneka ndi m'kalata yace ina, m'mene adawerenga a m'Eklezia wa ku Roma: ansembe 46, adikoni 7, ndi akazi amasiye ndi obvutika oposa 1,500 amene Eklezia ankawadyetsa. Ndipo asayese munthu kuti kufatsa kwace kudali mantha. Mazunzo atabukanso pa nthawi ya mfumu Gallus, iye sadakane Ambuye. Adapitikitsidwira ku Centumcellae, kumene lero kuli Civitavecchia, nafera komweko caka ca 253. Cyprian adadulidwa mutu pa 14 September 258.

Cifukwa ca Papa ameneyu dzinali lidawanda m'maiko ena a ku Ulaya. Ku Holland lidasanduka Cornelis, ndipo alifupikitsa kuti Kees kapena Cor. Pafupi ndi Aachen ku Germany pali mudzi wa Kornelimünster, wochedwa ndi dzina lace. Amisiri amjambula atagwira nyanga, ndipo alimi a ku Carnac ku France adamtenga ngati nkhoswe ya ng'ombe zao.

MWANA WA DZIKO LINO

Wacitatu ndi wa kuno. Ansembe a White Fathers adatsegula misyoni ya Mua caka ca 1902, ndipo caka ca 1910 adakwera phiri nakhazika Bembeke. Cornelius Chitsulo adabadwa caka ca 1909 kufupi ndi Mua, adaphunzira za unsembe ku seminale ya Kipalapala ku Tanganyika, ndipo caka ca 1937 adadzozedwa, nakhala wansembe woyamba wa Katolika wobadwira m'dziko lino. Kufikira nthawi imeneyo maso a anthu adazolowera kuona Azungu okha pa guwa. Tsiku limenelo adaona mwana wa m'mudzi akukweza Okaristia.

Caka ca 1956 Papa Pius XII adapatula cigawo ca Dedza nacipereka m'manja mwace. Caka ca 1957 adadzozedwa Episkopi, woyambanso mwa ana a dziko lino. Ndipo caka ca 1959, pamene Dedza idakhala dayosizi, iye ndiye adali mbusa wace, mpando wace uli ku Bembeke. Adaweta nkhosa zace kufikira imfa yace caka ca 1984. Ansembe onse Acimalawi amene apereka nsembe ya Misa lero ayenda m'njira imene iye adayamba kuilambula.

PHUNZIRO KWA MAKOLO NDI AKATEKISTI

Anthu atatuwa adaima pa khomo: woyamba pa khomo la akunja, waciwiri pa khomo la ocimwa, wacitatu pa khomo la unsembe. Palibe mmodzi wa iwo adagwira nyanga yogunda. Tsono mkristu ali yense adzifunse nyanga imene ali nayo. M'miphakati yambiri alimo anthu amene adaleka masakramenti kaamba ka mitala, ula kapena mowa. Mmodzi wa iwo akayamba kubwera nakhala pa mpando wa kumbuyo, ena amnong'onezana, ena amkumbutsa zakale, mpaka iye agwa ulesi nabwerera kumene adacokera. Wocita zimenezo ndi wophunzira wa Novatian, ngakhale sadamvepo dzina lace. Katekisti ayenera kunena coona, osacepsa cimo. Koma nchito yace ndi kuperekeza wolapa kwa wansembe, si kumpinga pa njira.

Makolo naonso asasankhe dzina la mwana monga asankha nsaru pa sitolo, poona kuwala kwace kokha. Eklezia sakakamiza munthu kutenga dzina la Cizungu. Malamulo ace a caka ca 1983 afuna cokhaci, kuti dzina lisatsutsane ndi mtima wa Cikristu. Cotero Cifundo, Cikondi ndi Madalitso ndi maina abwino. Koma wosankha dzina la woyera apatsa mwana wace nkhoswe kumwamba ndi citsanzo pansi pano, ndipo ayenera kudziwa mbiri yace kuti adzamfotokozere mwanayo akakula. Nzacisoni kuona mkristu wa imvi wosadziwa kanthu za woyera amene wayenda ndi dzina lace zaka zonse. Akatekisti pokonzekera ubatizo afunse makolo cifukwa cimene asankhira dzina, ndipo pamene makolo asowa, awakumbutse maina oiwalika onga ili.

Kusowa kwa dzina sikulicepsa ai. Bambo ndi mai amene adzacha mwana wao Cornelius adzamsenzetsa katundu wolemekezeka: kupemphera ndi kupatsa monga msilikari uja, kukhululuka ndi kulimba monga Papa uja, kubvomera kuitana kwa Mulungu monga Ambuye Chitsulo. Cornelius Woyera apempherere dayosizi ya Dedza, kuti khomo la nyumba ya Mulungu likhale lotsegukira mlendo ndi wolapa, ndi kuti m'mapiri ano musasowe anyamata omvera lipenga la Ambuye.