Nyerere za M'galasi

Amayi anzanga, m'zipululu za Arizona ndi Mexico muli nyerere zodabwitsa. Zina zimamwetsedwa timadzi ta maluwa mpaka mimba kutupa ngati kamphesa, n'kumalendewera kudenga la funkha. Pa chilala zinzake zimadzadya kwa izo. Anthu ena amaziweta m'magalasi, n'kumazipatsa madzi a shuga, ati kuzikonda.

Kodi n'chikondi? M'galasi mulibe chilala. Yotupa ija imasenza katundu wopanda womufuna. Inu a ku Chongwe, kumbukirani 2024 chimanga chitapsa m'minda. Mayi amene anatsegula nkhokwe anatopa nawo opempha, komabe anaona chimene anasungira. Nanga mwana amene mumam'tsekera pakhomo, n'kumam'patsa zonse, adzagawira ndani?