Tsiku la Wosindikiza ndi Tsiku la Ana

Pali funso limene libvuta anthu ogwira nchito ya kulemba mabuku. Munthu walonjeza wosindikiza kuti pa tsiku lakuti adzampatsa zolemba zace. Koma pa nyengo yomweyo sukulu zatsekedwa, ana ali pakhomo, ndipo iwonso anawalonjeza kuti adzapita nao kukaceza ndi kukaona malo. Malonjezo onse awiri anaturuka m'kamwa mwa munthu mmodzi. Nanga loyamba kulisunga ndi liti?

Mlandu umenewu uoneka bwino pa moyo wa Charles Dickens, mlembi wa ku Mangalande, amene anabadwa mu 1812 namwalira mu 1870. Mabuku ace ambiri sanali kuturuka athunthu, koma cigawo cigawo mwezi ndi mwezi. Buku lochedwa David Copperfield linayamba kuturuka mu Meyi 1849 ndi kutha mu Novembala 1850. Cigawo ca mwezi cinali ca masamba 32, ndipo mtengo wace unali sheleni imodzi. Motero anthu anali kuwerenga ciyambi ca nkhani pamene mwini wace sanalembe mapeto ace. Dickens anasimba yekha kuti tsiku lina, pogula mapepala m'sitolo, anamva mai wina alikufunsa cigawo cotsatira, nauzidwa kuti cidzafika pakutha pa mwezi. Mlembiyo anagwidwa ndi mantha, pakuti anali asanalembe ngakhale liu limodzi la cigawoco.

Ku Mangalande nyengo yofunda iri yaifupi, Juni kufikira Ogasiti kapena Seputembala, ndipo ndiyo nthawi imene mabanja amatsikira kunyanja ya mcere. Kuyambira 1837 kufikira 1851 Dickens anali kupita ndi banja lace kawirikawiri ku Broadstairs, kamudzi ka m'mphepete mwa nyanja m'cigawo ca Kent. Ana anali kusewera pamcenga, koma wosindikiza ku London sanali pa chuthi. Tsono Dickens anagawa tsiku lace pawiri. Kuyambira mmawa kufikira dzuwa litapendeka anali kudzitsekera m'cipinda, ndipo panyumba panafunika bata. Madzulo anali kuturuka kukayenda maulendo atali, kukasamba m'nyanja ndi kusekera pamodzi ndi ana ndi alendo.

Ena adzati munthu wotere anakonda cuma ndi mbiri koposa ana. Kuweruza kumeneku nkofulumira. Mu 1824 atate wa Dickens anaponyedwa m'ndende ya Marshalsea cifukwa ca ngongole, ndipo mnyamatayo, wa zaka 12, anagwira nchito yomata mapepala pa mabotolo a mankhwala opukutira nsapato. Wokula motero adziwa kuti cigawo cikacedwa, ndalama zicedwanso, ndi kuti nyumba ya kunyanja ija ilipidwa ndi masamba 32 aja. Osindikiza, ojambula zithunzi ndi ogulitsa mabuku nawonso anali kudyera pa colembera cace. Kukhala m'cipinda mmawa wonse kunali njira ina ya kulera ana.

Koma pali cinthu cina cofunika kucichula. Bata la mmawa lija silinadze lokha. Analisunga ndi mkazi wace Catherine, ndi mlamu wace Georgina Hogarth, amene anakhala m'banjamo kuyambira 1842, pamodzi ndi anchito. Mwamuna akamatama kuti adziwa kugawa nthawi yace, nkwabwino kufunsa kuti amene anagwira ana pa maola amenewo ndani.

Nanga tsiku la wosindikiza liri lolimba ngati mwala kodi? Iai. Mu Meyi 1837 mlamu wace wina, Mary Hogarth, namwali wa zaka 17, anamwalira mwadzidzidzi m'nyumba mwace. Dickens analephera kulemba, ndipo zigawo za mabuku awiri, Pickwick Papers ndi Oliver Twist, sizinaturuke pa nthawi yace. Owerenga anadikira, osindikiza sanagwe, ndipo mabuku onse awiri anatha bwino. Apa ndipo pagona nkhani. Anthu a mitundu yonse abvomerezana kuti maliro aimitsa nchito. Ngakhale kumudzi khasu ligonekedwa pansi tsiku la maliro, ndipo palibe wofunsa za udzu wa m'munda. Koma kuimitsa nchito tsiku limodzi cifukwa ca mwana wamoyo, wofuna kukatola nkhono pamcenga, kumayesedwa ulesi.

Cifukwa cace sicobisika. Wosindikiza ali ndi kalata, ali ndi pangano lolembedwa, ndipo akhoza kumana munthu malipiro. Mwana alibe zonsezi. Angoti, "Atate, kodi tipita liti?" ndipo akayankhidwa kuti mawa, abvomera. Motero munthu asunga lonjezo la iye amene angamlange, naswa la iye amene angamkhululukire, kenaka nkumati wacita mwanzeru. Komatu chuthi naco ciri ndi tsiku lace lotsiriza, ngakhale palibe alilemba m'pangano. Buku likhoza kucedwa mwezi umodzi nkukhala buku lomwelo, pamene mwana wa zaka 7 sadzakhalanso wa zaka 7 caka camawa.

Izi sizitanthauza kuti mlembi ataye colembera nthawi iri yonse mwana akaitana. Woyesa kucita ziwirizi pamodzi, pepala m'dzanja ndi maso kwa ana, alephera zonse. Akulu anati mapanga awiri abvumbwitsa. Cimene ciyenera kuyesedwa ndico kuona mtima kwa liu lija lakuti "mawa". Ngati tsikulo lachulidwa ndi kusungidwa monga la wosindikiza, mwana aphunzira kudikira ndi kulemekeza nchito. Ngati lisunthidwa sabata ndi sabata, aphunzira kuti mau a atate wace alibe kulemera.

Mu Ogasiti 1850, David Copperfield ali pafupi kutha, Catherine anabala mwana wacisanu ndi cinai ku London, ndipo anamucha Dora, dzina la mtsikana wa m'bukulo. Posacedwa Dickens anabwerera ku Broadstairs kumene kunali ana enawo ndi zolemba zace. Zigawo zonse zinaturuka pa nthawi yace. Dora anamwalira pa 14 Epulo 1851, ali ndi miyezi pafupifupi 8, madzulo amene atate wace anali kulankhula pa phwando la anthu a zisudzo ku London. Bwenzi lace John Forster anadikira kuti atsirize kulankhula, ndipo pamenepo anamuuza.