Chikomekome cha Mkuyu pa Msika wa Durian

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ankadziwa kuti maso amapupuluma, amakopeka ndi khungu lofiira losalala. Koma ku Malaysia ndi ku Thailand kuli chipatso chimene sichinganyenge munthu ndi nkhope. Durian ali ndi chigoba chaminga yolimba, moti ogulitsa amavala magolovesi pomugwira, ndipo fungo lake ndi lamphamvu zedi. Ku Singapore n'koletsedwa kukwera naye sitima za mumzinda. Komabe mwambiwu ukugwira ntchito pa misika imeneyo, chifukwa kumeneko chokopa wogula ndi dzina.

Dzina limene aliyense amalifunsa ndi Musang King. Mtundu umenewu unalembetsedwa ku Malaysia mu 1993 pa nambala ya D197, ndipo umalimidwa kwambiri ku Raub, m'chigawo cha Pahang. Mnofu wake ndi wachikasu kwambiri, wofewa ngati batala, wotsekemera koma wosiya kakuwawa kukhosi, ndipo njere zake zambiri n'zazing'ono zophwatalala. Ndi wokoma, tisanamizane. Chovuta n'chakuti kutchuka kwake, makamaka ku China kumene amamutcha Mao Shan Wang, kwakweza mtengo, ndipo pamene pali ndalama sipasowa wochenjera. Ena amagulitsa mtundu wamba n'kuupatsa dzina lachifumulo. N'chifukwa chake wodziwa amatembenuza chipatso n'kuyang'ana kunsi kwake: Musang King weniweni amakhala ndi mizere yooneka bwino yopanga nyenyezi ya nsonga zisanu.

Ngakhale atakhala weniweni, si lilime lililonse limene limamufuna. D24, amene anali wotchuka Musang King asanabwere, ndi wotuwirapo, wowawirapo pang'ono, ndipo mtengo wake ndi wotsika. Red Prawn wa ku Penang, ku Malaysia, ndi wotsekemera ndi wofewa kwambiri, woyenera amene sakonda zowawa. Black Thorn, wa ku Penang komweko, nthawi zambiri amadula kuposa Musang King yemwe. Ndiye pali Monthong wa ku Thailand, wamkulu, wamnofu wochindikala wolimbirapo, fungo lake losaboola mphuno kwenikweni. Alimi a ku Thailand amathyola chipatso chisanagwe kuti chipirire ulendo wautali, pamene a ku Malaysia amadikira chigwe chokha chitapsa. Okonda durian a ku Malaysia amamuderera Monthong, koma kwa woyamba kumene ndiye wosavuta kudya, ndipo ine sindiona chochititsa manyazi pamenepo.

Pa mtengo m'pamene anthu ambiri amalumwa ndi nyerere. Durian amamuyeza pa sikelo ndi chigoba chomwe, chikhalirecho mnofu wodyedwa kawirikawiri sufika ngakhale theka la kulemera kwake. Chipatso chachikulu cholemera chikhoza kukhala ndi zipinda zopanda kanthu kapena njere zikuluzikulu. Taonani mmene amachitira wogulitsa wodalirika: amagogoda chigoba ndi mpeni kumvera kulira kwake, amachigwedeza pafupi ndi khutu, amachinunkhiza, amayang'ana ngati phesi lake likadali lauwisi. Akatero amang'amba pang'ono ndi mpeni, n'kukuonetsani m'kati musanalipire. Ngati mnofu uli wamadzimadzi, wowawasa kapena wosapsa, amachiika pambali n'kutenga china.

Palinso durian wa kumudzi, amene amamutcha kampung, womera kuchokera ku njere, wopanda dzina wopanda nambala. Ndi wotchipa kwambiri, ndipo mtengo uliwonse umabala kakomedwe kakekake. Wina ndi wosakolera, wina amaposa otchukawo.

Mukadzafika ku Penang kapena ku Kuala Lumpur pakati pa June ndi August, nyengo yake ili pachimake, musathamangire chikwangwani cha Musang King. Yambani ndi D24 kapena kampung, funsani mtengo wa kilogalamu asanaike pa sikelo, ndipo wogulitsa akakana kukutsegulirani, pitani pa benchi ina.