Mlendo Aleka Liti Kukhala Mlendo?

Kuno ku Machinga ndi Balaka pali nkhani imene imveka kawirikawiri m'misonkhano ya Boma ndi pa wailesi, ndiyo yakuti matauni athu ang'ono akule, ndi kuti anthu ochokera kwina adze kudzakhala kuno, kudzalima, kudzachita malonda ndi kudzamanga nyumba. M'chaka cha 2021 Boma linalengeza masomphenya a dziko otchedwa Malawi 2063, ndipo pambuyo pache linasankha matauni 8 oti akuzidwe, kuti anthu asamangothamangira ku Blantyre ndi ku Lilongwe kokha. Liwonde ali mmodzi wa matauni amenewo. Pa kalembera wa 2018 tauni ya Liwonde ndi tauni ya Balaka zinali ndi anthu monga 36,000 iri yonse, ndipo okonza mapulani afuna kuti chiwerengero chotere chikwere ndithu.

Za miseu ndi mafakitale tizisiyira iwo amene anaphunzira nchito imeneyo. Ife tifuna kufunsa funso limene ligwera munthu ali yense wa m'mudzi, ngakhale iye amene sanaonepo pepala la Boma. Kodi tikaitana munthu kudzakhala pakati pathu, tiri naye mangawa otani? Nanga iye adzaleka liti kutchedwa wobwera?

Poyamba tikumbuke kuti dziko lathu lino linadzala ndi anthu ochita kudza. David Livingstone pokwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859 anapeza Amang'anja m'mbali mwa mtsinjewo. Cha m'ma 1860 Ayao anadza kuchokera kum'mawa, nakhala m'mapiri ndi m'zigwa, ndipo maina a mafumu ao, monga Kawinga ndi Liwonde, tiwatchula kufikira lero. Dzina lomwe la Machinga ndi la fuko lina la Ayao. Kuyambira cha m'ma 1890 Alomwe anaoloka malire pothawa msonkho ndi nchito yokakamiza ya Apwitikizi. Angoni a ku Ntcheu, anansi athu, makolo ao anachokera kutali kum'mwera. Matauni athunso anakula ndi alendo. Balaka anakulira pa siteshoni ya njanji yochokera ku Blantyre kumka ku Salima, imene inatsegulidwa mu 1935, ndipo mu 1998 anapatulidwa ku Machinga nakhala boma pa yekha. Liwonde anakula atamanga chotchingira madzi pa Shire mu 1965, ndi pamene njanji yochokera pa Nkaya kumka ku Nayuchi ndi ku Nacala inatsegulidwa mu 1970. Anthu anatsata njanji ndi mlatho, wina ndi khasu, wina ndi makina osokera, wina ndi dengu la nsomba. Potero iye amene adzitcha mwini nthaka lero ali mdzukulu wa wobwera wa dzulo.

Makolo athu anati, Mlendo ndi mame. Tanthauzo lache ndi lakuti mlendo sakhalitsa, chifukwa chache musam'mane chakudya, pakuti mawa adzapita. Mwambi umenewu tiusunga bwino ndithu. Palibe nyumba ya kuno imene mlendo wa masiku awiri angagone ndi njala, ndipo nkhuku iphedwa ngakhale iri imodzi yokha m'khola. Koma munthu amene matauni athu amuitana tsopano sali mame ai. Adza ndi mkazi, ndi ana, ndi mbuzi zache, ndipo dzuwa likakwera iye alipobe. Chaka chamawa adzafuna munda, mwana wache adzafuna malo pa benchi ya sukulu, ndipo mkazi wache adzaika ndowa yache pa mzere wa pa mjigo patsogolo pa ndowa yathu. Pamenepo mpamene chikondi chathu cha pa alendo chiyesedwa, pakuti nkhuku imodzi tipereka mokondwera, koma kugawana madzi chaka ndi chaka kuwawa.

Zimenezi tinaziona ndi maso kuyambira 2004 kufikira 2011, pamene Boma, mothandizidwa ndi World Bank, linayendetsa nchito yotchedwa Kudzigulira Malo. Ku Thyolo ndi ku Mulanje minda ya tiyi inatenga nthaka yaikulu kuyambira masiku a Atsamunda, ndipo anthu ambiri analima timinda tosakwana kudyetsa banja. Tsono mabanja osowa malo anauzidwa kuti asonkhane m'magulu a mabanja 10 kufikira 35, nafune esiteti imene mwini wache alola kugulitsa. Banja liri lonse linawerengeredwa ndalama zokwana madola 1,050 a ku America, zogulira malo, zosamukira ndi zoyambira ulimi, nililandira munda wa mahekitala monga 2. Malowo anagulidwa makamaka ku Machinga ndi ku Mangochi, ndipo pambuyo pache Balaka ndi Ntcheu analowamo. Pakutha pa nchitoyo mabanja oposa 15,000 anali atasamuka. Ambiri a iwo anali a kuno komwe, ongosuntha m'boma lao. Ena ndiwo anachokera kutali, ku Thyolo ndi ku Mulanje.

Zabwino zinalipo, ndipo tisazibise. Anthu amene kale anakolola chimanga chosafika nacho mwezi wa Disembala anayamba kudzaza nkhokwe. Koma malo ambiri anali kutali ndi mjigo, sukulu, chipatala ndi msika, pakuti esiteti ya fodya sinakonzedwe kuti mukhale midzi. Ndipo mabanja ena atayesa nyengo zingapo anabwerera kwao. Kwina kunabukanso mikangano ya malire pakati pa obwera ndi eni midzi yozungulira.

Tisafulumire kuweruza eni midzi amenewo, pakuti dandaulo lao linali ndi muzu. Maesiteti ambiri a fodya anadulidwa ku nthaka ya mafumu m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Pamene eni maesiteti ena analeka kulima, anthu oyandikana nao anayamba kudyetsamo ziweto, kutolamo nkhuni ndi kulimamo pang'ono pang'ono, nayembekeza kuti tsiku lina nthaka ya makolo idzabwerera kwa ana ao. Ndipo anangoona galimoto irikutsitsa anthu achilendo, okhala ndi kalata ya malo ndi ndalama zogulira feteleza. Munthu wotere akadandaula, kodi tingamutche wouma mtima? Iyenso ali ndi ana aakazi ofuna minda. Wobwerayo sanabe kanthu, mwini mudziyo sananame, ndipo onse awiri ndi amphawi. Choipa chiri pakuti amphawi awiri aikidwa pa munda umodzi asanakhalirane pansi.

Apa tiona mangawa oyamba, ndipo agwera iwo amene aitana, kaya ndi Boma, kaya khonsolo, kaya mfumu. Aitane moona, osalonjeza madzi kumene kulibe chitsime, kapena nchito kumene fakitale sinamangidwe. Afunse eni malo mlendo asanafike, ndipo chabwino chiri chonse chodza ndi alendo, mjigo kapena sukulu kapena mseu, chikhale cha onse, kuti mwini mudzi pomwa madzi a mjigo watsopano adziwe kuti anadza chifukwa cha mnansi wache watsopanoyo.

Mangawa achiwiri ali athu, ife okhala m'midzi ndi m'matauni, ndipo tingadziyese tokha pa malo atatu. Oyamba ndi pa madzi. Mkazi wa wobwera atunge monga mwa nthawi imene anafika pa mzere, asadikire kuti eni mudzi onse ayambe atha. Achiwiri ndi pa bwalo. Mbuzi ya wobwera ikadya chimanga cha mphwache wa mfumu, alipe monga alipa ena, osaonjezera. Ndipo mbuzi ya mphwache wa mfumu ikadya chimanga cha wobwera, mlandu ukhale womwewo. Polemba maina a olandira thandizo m'chaka cha njala, dzina lache lisakhale lomaliza nthawi zonse. Posankha komiti ya sukulu kapena akulu a mpingo, tisanene kuti, Ameneyu ngwanzeru koma si wa kuno. Malo achitatu ndi ku manda. Munthu angalime pa malo zaka khumi, koma ngati adziwa kuti mwana wache akamwalira adzayenera kubwereka galimoto kuti akamuike ku Thyolo, mtima wache sunasamuke, ndipo sadzabzala mtengo wa mango kapena kuotcha njerwa. Tsiku limene adzukulu a m'mudzi akumba manda a mwana wa wobwera, ndi akazi a m'mudzi agona pa siwa ndi kuphika pa maliropo, tsiku lomwelo munthuyo waleka kukhala mlendo.

Zimenezi siziyenera kutidabwitsa, pakuti mwambo wathu womwe utiphunzitsa. Pakati pa Ayao, Amang'anja ndi Alomwe mwamuna amuka kukakhala kwa mkazi. Chotero atate ambiri m'midzi yathu ali akamwini, anthu ochokera kwina. Tidziwa tonse kusiyana kwa mudzi umene uchitira mkamwini ulemu ndi mudzi umene umkumbutsa tsiku ndi tsiku kuti si wa pano. Poyambapo mkamwini amanga nyumba ya njerwa, nabzala mitengo, naphunzitsa ana. Pachiwiripo amanga kanyumba ka udzu, ndalama zache natumiza kwa alongo ache, ndipo katundu wache akhala womangamanga. Tauni iri chimodzimodzi. Munthu amene aona kuti tsiku liri lonse angathamangitsidwe adzadyera pamalopo, koma sadzamangapo kanthu kokhalitsa.

Wobwera naye ali ndi mangawa ache, ndipo tikawabisa tidzakhala okondera. Ayambe waonekera kwa nyakwawa, pakuti kalata ya Boma siichotsa ulemu wa mfumu. Aphunzire kupereka moni m'chinenero cha anansi ache, ngakhale lilime lipunthwe. Kuno Akristu ndi Asilamu akhala khomo ndi khomo. Wobwera alemekeze tsiku la mapemphero la mnzache ndi zakudya zimene mnzacheyo asala, monga afuna kuti zache zilemekezedwe. Apite ku maliro ndi ku nchito ya kuumba njerwa za sukulu asanachite kuitanidwa kawiri. Ndipo nzeru zimene anadza nazo azigawe modzichepetsa. Makolo anati mlendo adza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko nkometera eni mudzi, si kowatemera.

Pali funso linanso lotilasa mtima. Kodi tifuna munthuyo, kapena thumba lache? Mwini ndalama akadza kudzafuna malo a sitolo kapena a fakitale, onse aimirira, ndipo malo apezeka tsiku lomwelo, nthawi zina ngakhale munda wa mkazi wamasiye. Koma akadza wina ndi mphasa ndi mphika, monga anadzera othawa nkhondo ya ku Mozambique, amene anaposa 1,000,000 m'dziko muno mtendere usanapanganidwe mu 1992, kapena monga anasowera pokhala anthu amene midzi yao inakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, nkhope zathu zisintha. Tikumbuke kuti amene anakuza Balaka sanali olemera okha. Anali onyamula katundu pa siteshoni, oumba njerwa, olima thonje ndi akazi ogulitsa zitumbuwa. Tauni yofuna olemera okha idzasowa womangira olemerawo nyumba. Ndiponso pali tchimo lina lofala m'matauni okula msanga, la kugulitsa puloti imodzi kwa anthu awiri, kapena kukweza mtengo chifukwa wogulayo alankhula chinenero china. Wochita zotere aba ndalama za munthu mmodzi, koma aononga mbiri ya tauni yonse, pakuti wobedwayo adzauza abale ache onse kuti asadze kuno.

Ife aphunzitsi tiona chinthu china m'kaundula wa sukulu. Anyamata ambiri amene tinawaphunzitsa kuwerenga sali kuno. Ali ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town, kumene iwo ndiwo obwera. Mu 2008 ndi mu 2015 alendo anamenyedwa ndi kuthamangitsidwa m'dziko la South Africa, ndipo mabasi anabweza ana a dziko lino ali manja okha. Pa masiku amenewo tinalira, tinati anthu amenewo alibe umunthu. Chimene tinafunira ana athu kumeneko, ndicho kugona mopanda mantha, kulipidwa monga mwa nchito yao ndi kumvedwa pa mlandu, ndi chomwecho afuna mwana wa mnzathu amene wafika pa Liwonde kapena pa Ulongwe. Ndiponso zinthu zosunga mlendo pa malo ndi zomwezo zimene zingasunge ana athu kuti asachoke: madzi, nchito, sukulu ndi chilungamo pa bwalo.

Chifukwa chache, abale, tisayembekeze mapulani a 2063, pakuti ambiri a ife sitidzachiona chaka chimenecho. Mudzi uli wonse ndi mpingo uli wonse udzifunse mwezi uno: Pakati pathu pali mabanja angati amene akhala nafe zaka zisanu kapena khumi, koma tiwatchabe obwera? Kodi analowapo m'komiti iri yonse? Kodi adziwa kumene adzaikidwa? Ngati mayankho atichititsa manyazi, akulu apite kwa nyakwawa akakambe nkhaniyi, ndipo akazi a chigwirizano akacheze ku nyumba zimenezo sabata ino. Mbiri ya malo okhalika iyenda yokha m'mabasi ndi m'misika, ndipo munthu amene tamsunga bwino adzaitana mbale wache popanda Boma kumtuma.