Kodi Nthawi Imayenda Yokha?

Makina opanga magetsi ndi mphepo sazungulira pa liwiro limodzi: mphepo ikakula amathamanga, ikachepa amafooka. Beringi ikayamba kudyeka, kachipangizo komatidwa pa giyabokosi kamamva kunjenjemera kwake, koma kugundako kukawerengedwa pa sekondi kumabalalika n'kusowa m'phokoso.

Apa mainjiniya amaisiya wotchi. Amawerengera pa kuzungulira kwa shafiti, njira yotchedwa order tracking, ndipo chilema chija chimaonekera poyera, chifukwa chimagunda mofanana pa kuzungulira kulikonse.

Funso loti kodi nthawi imayenda yokha n'lakalekale. Aristotle anati nthawi ndi chiwerengero cha kuyenda kwa zinthu. Newton, mu 1687, anaumirira kuti imayenda yokha, mosadalira chilichonse. Pa beringi yodwala, maganizo a Aristotle ndiwo amathandiza kwambiri, moti beringiyo imasinthidwa giyabokosi yonse isanawonongeke.