Malamulo a Masewera Amateteza Yani?

Makolo athu adadziŵa kale kuti umunthu umaphunziridwa posewera. Kumasanje mwana amakhala bambo, mayi kapena fisi. Panthano, wokamba akati “Padangokhala,” omvera amavomera kuti “Tili tonse,” ndipo nkhani imasanduka ya onse. Kumaiko akutali mwambo wotere udafika patebulo. M'chaka cha 1974, ku America, Gary Gygax ndi Dave Arneson adatulutsa masewera otchedwa Dungeons & Dragons. M'modzi amatsogolera nthano ya dziko longopeka, anzake amakhala ngwazi za m'nthanomo, ndipo dayisi ya mbali 20 ndiyo imagamula ngati chimene ngwazi yayesa chatheka.

Lero masewera amtunduwu achuluka, ndipo aliwonse ali ndi malamulo akeake. Pathfinder, amene adatuluka mu 2009, ali ndi mabuku ochindikala ofotokoza pafupifupi chochitika chilichonse. Fate Core, a mu 2013, malamulo ake ngochepa, ndipo osewera amathandizana kuumba nkhani. Kusiyana kotere sikwachilendo kwa ife: bawo, la maenje 32, lili ndi malamulo ofuna kuphunzira nthaŵi yaitali, pamene ntchuwa mwana amaidziŵa tsiku limodzi.

Tiyerekeze tsono kuti achinyamata asanu a ku Geisha, mumzinda wa Mzuzu, apeza masewera onseŵa pa intaneti, ndipo akhala pakhonde madzulo ozizira a mwezi wa Juni kuti asankhepo amodzi. Kodi asankhe ati?

Ambiri angathamangire kunena kuti malamulo ochepa ndiwo ufulu. Koma tiyeni tilingalire bwino. Pamene lamulo lili chete, amene amalamula ndi wa pakamwa pakuthwa. Mnyamata wolongolola adzakokera nthano yonse kwa iye, ndipo mtsikana wamanyazi adzabwerera kwawo asadatsegule pakamwa. Lamulo lonena kuti aliyense ali ndi nthaŵi yake yolankhula ndi mpanda wotchinjiriza wofooka, ndipo dayisi siyang'ana nkhope.

Nanga malamulo ochuluka ndiwo chilungamo? Iyayi. Buku la masamba mazanamazana, lolembedwa m'Chingerezi, limasandutsa woŵerenga kwambiri kukhala woweruza, ndipo amene adalekezera sukulu panjira amangokhala woonerera. Lamulo limene m'modzi yekha akulidziŵa lasanduka ndodo m'manja mwake.

Chotero funso lenileni silakuti masewera opambana ndi ati, koma lakuti: tikasankha aŵa, ndani atsale kunja? Gulu lokhala ndi wolongolola lisankhe malamulo omveka ndi olimba. Gulu lokhala ndi wovutika kuŵerenga lisankhe ochepa, ndipo wotsogolera nthano aonetsetse kuti aliyense wapatsidwa mpata. Muyeso ndi mnzathu wocheperapo mphamvu, osati chilakolako cha katswiri. Katswiriyo akalolera kusiya masewera amene amawakonda chifukwa cha mnzake, waphunzira chinthu chimene buku la malamulo silingamuphunzitse.

Inu makolo, anaŵa mukawamva akukangana za masewera, musawabalalitse msanga ngati nkhuku zapamphasa ya mphale. Afunseni modekha kuti, “Kodi wamng'onoyu wanenapo maganizo ake?” Pakuti mmene mwana amasankhira malamulo pakhonde lero, ndi mmenenso adzawasankhire m'banja, m'komiti ya mudzi ndi pantchito. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nthano yokoma ndi ija imene onse angavomere moona kuti “Tili tonse.”