Za Nkhungu ya m'Galimoto ndi Mlandu wa Mtima wa Munthu

Dzinja likafika pachimake, m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene mvumbi umatha kugwa masiku angapo dzuwa osaonetsa nkhope yake, munthu amene wasiya galimoto pansi pa mtengo, magalasi onse atatseka, napita kutali kwa milungu iwiri kapena itatu, amati pobwera kudzatsegula chitseko, choyamba kumulonjera limakhala fungo lolemera la malo amene mphepo siyendamo. Akasuzumira amapeza pa chiwongolero, pomwe manja ake amagwira tsiku ndi tsiku, patayanga tinthu totuwa ngati ufa. Akasolola lamba wapampando mpaka kumapeto, chigawo chimene chimakhala chobisika chimatuluka ndi madontho obiriwira ndi akuda. Ndipo akakanikiza kapeti ndi chala, madzi amatuluka nazinga chalacho. Pamenepo mwini wake, atagwira m'chiuno, amafunsa kuti: zalowera pati zimenezi, popeza ine ndidatseka ponseponse?

Funso limeneli, ngakhale likufunsidwa pa chinthu chachitsulo ndi nsalu, ndi lomwe lija anthu opembedza akhala akulifunsa chiyambire pa za mtima wa munthu. Kodi choipa chimachokera kunja, kotero kuti wofuna chiyero azingolimbitsa zitseko, kapena chimabadwira m'kati? Ndipo ngati munthu sangachiletse kumufikira, mlandu wake uli pati?

Odziwa za chilengedwe amatiuza kuti nkhungu imafala ndi timbewu tating'onoting'ono, tosaoneka ndi maso, timene timayandama mumpweya nthawi zonse, m'nyumba ndi panja pomwe, m'chilimwe ndi m'dzinja momwe. Kotero kuti palibe tsiku limene munthu adatsegula chitseko cha galimoto timbewuti osalowa, ndipo ngakhale galimoto yonyezimira imene yangotsika kumene m'sitima padoko la Dar es Salaam kapena la Beira imafika nato kale. Kuti timere timafuna chakudya, kutentha ndi chinyezi. Chakudya sichisowa, pakuti fumbi, nyenyeswa za mkate, thukuta la m'manja ndi chikopa cha mipando, zonsezi nkhungu imadya. Kutentha nako dziko lathu lili nako kokwanira. Chotsala m'manja mwa mwini galimoto ndi chinyezi chokha. Pouma timbewu timangogona osachita kanthu. Koma nsalu ikanyowa n'kukhala yosauma, maola 24 mpaka 48 amakwana kuti nkhungu iyambe kumera, ndipo n'chifukwa chake akatswiri amalangiza kuti chinyezi cha mumpweya pamalo otsekeka chisamapyole magawo 60 pa 100.

Munthu wina wopemphera, Evagrius wa ku Pontus, amene adakhala m'chipululu cha Egypt namwalira m'chaka cha 399, zaka mazanamazana anthu asanaone timbewuti pa galasi lokulitsa zinthu, adafika pa nzeru yomweyi poyang'anitsitsa mtima wake. Iye adawerenga maganizo oipa asanu ndi atatu amene amazunguza munthu, monga dyera, chigololo, kukonda ndalama, mkwiyo ndi kudzikuza, naphunzitsa kuti kubwera kwa maganizowo sikuli m'mphamvu yathu, koma kuti akhalitse ndi kudzutsa zilakolako, pamenepo mpamene pali mbali yathu. Chiphunzitso chimenechi chimatonthoza munthu wa chikumbumtima chanthete, amene amadziimba mlandu pa ganizo lililonse lodutsa. Komanso chimatseka pakamwa munthu amene akagwa amathamangira kunena kuti, "Satana wandinyenga," ngati kuti wonyengayo adafika kwa iye yekha. Kambewu ka nsanje kamagwera mlaliki ndi womvera mofanana. Kusiyana kuli pa malo amene kapeza.

Tsono mlandu uli pa chinyezi, ndipo chinyezi chili ndi khomo lake. Makaniko wodziwa ntchito, mukamupititsira galimoto yonunkha, sayambira pa sopo. Amayamba wafunafuna polowera madzi. Amatsegula boneti nayang'ana ngalande ya m'munsi mwa galasi lakutsogolo, m'mene masamba amaunjikana n'kutseka timabowo totayira madzi, mpaka madziwo, posowa njira, amasefukira m'kati kudzera polowera mphepo ya fani. Amapapasa mphira za m'mbali mwa zitseko kuti aone ngati zauma ndi kung'aluka. Amatokosa timabowo ta pansi pa chitseko. Amakweza tayala la sipeya m'buti, m'mene kawirikawiri mumapezeka chithaphwi chimene mwini wake samachidziwa. Amayang'ananso kapaipi kotayira madzi a eyakoni, kamene kakatsekeka kamagwetsera madzi kumapazi a wokhala kutsogolo. Zonsezi zikakanika, mnzake amathira madzi padenga ndi paipi, iye ali phee m'kati ndi tochi, kudikira dontho loyamba, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo polowera pakapezeka, nthawi zambiri pamakhala pochepa kwambiri, mwini galimoto mpaka kukayika ngati kabowo kotere kangawononge chotere. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo.

M'moyo wa munthu tchimo limene anthu amaliona ndi kulinena lili ngati madontho a pa lamba aja: ndi chizindikiro cha chinthu china chimene chakhala chikudonthera m'kati kwa nthawi yaitali. Ndi chakukhosi chimene sitidakachilankhule ndi mwini wake, ngongole imene timaizemba, kapena bodza laling'ono limene tidalinena dzana ndipo lero tikulidyetsa mabodza ena kuti lisafe. Koma popeza kufunafuna polowera madzi n'kotopetsa, ndipo kumachititsa manyazi, ambiri timasankha njira ya kaperefyumu kopachika pagalasi loyang'anira kumbuyo. Fungo limabisika kwa masiku angapo, okwera amayamikira, nkhungu ili kumera pansi pa mapazi awo. Chilipo chipembedzo chotere, chofukiza mawu okoma ndi zovala zoyera za tsiku la mapemphero, ndipo kuopsa kwake n'kwakuti woyamba kunyengedwa nacho amakhala mwini wake, amene mphuno yake yazolowera.

Chilamulo cha Mose sichidalole kufukiza. M'buku la Levitiko, mutu 14, muli lamulo la nyumba imene makoma ake agwidwa ndi mawanga obiriwira kapena ofiira, nthenda imene omasulira ambiri amaiyesa nkhungu. Mwini nyumba ndiye ankayenera kupita yekha kukauza wansembe. Wansembe asanalowe ankalamula kuti katundu yense atulutsidwe. Akaona kuti mawangawo alowerera m'kati mwa khoma, ankatseka nyumbayo masiku asanu ndi awiri. Akapeza kuti afalikira, miyala yogwidwayo inkagumulidwa ndi kukatayidwa kunja kwa mudzi, makoma ankapalidwa, n'kuikidwa miyala ina ndi dothi lina. Ndipo nthenda ikabweranso pambuyo pa zonsezi, nyumba yonse inkagwetsedwa. Zinthu ziwiri n'zoyenera kuzilingalira m'lamuloli. Choyamba, wansembe sankaweruza pa tsiku limodzi. Ankafuna kudziwa ngati chinthucho chili ndi moyo, ngati chikukula. Chachiwiri, ntchito yonse inkayamba ndi kuulula kwa mwini nyumba, amene ankadziwa bwino kuti kuululako kukhoza kumutayitsa nyumba, napitabe. Makolo athu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Kuyeretsa galimoto kuli ndi dongosolo lofanana. Wogwira ntchitoyi aziphimba mphuno ndi pakamwa ndi kuvala magolovesi, pakuti timbewu tikavundulidwa timadzutsa chifuwa ndi mphumu. Aimike galimoto pabwalo, atsegule zitseko zonse, atulutse timikeka ta kumapazi ndi katundu yense, apope fumbi ndi makina, kenaka awaze viniga woyera pogwidwa ponse, ausiye kanthawi ndithu, akwecheko ndi burashi, napukute. Jik amasulutsa nsalu ndi kufoola malamba, ndipo asasakanizidwe konse ndi viniga, chifukwa ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya wakupha. Sefa ya mpweya wolowa m'kati isinthidwe. Koma chachikulu pa zonse n'chakuti pansi pa kapeti pali nsalu ina yochindikala yonga siponji, imene imasunga madzi kwa milungu pamene pamwamba pakuoneka pouma. Iyeneranso kukwezedwa ndi kuumitsidwa, ndipo ngati yaola, itayidwe. Wosuka pamwamba pokha, wangothirira mbewu.

Pakuti nkhungu imabweranso. Ambuye Yesu, m'fanizo lolembedwa ndi Mateyu ndi Luka, adanena za mzimu wonyansa umene utatuluka mwa munthu udabwerera, nupeza nyumba yosesedwa ndi yokonzedwa, nukatenga mizimu ina isanu ndi iwiri yoipa koposa. Tsiku lotsuka ndi limodzi, koma kuuma ndi kwa masiku onse: kuchotsa masamba m'ngalande mvula isanayambe, kusagoneka ambulera yonyowa pansi pa mpando, kusiya fani ikuzungulira kwa mphindi zingapo eyakoni itazimitsidwa, kuika kathumba ka makala kapena ka mankhwala oyamwa chinyezi pamene galimoto ikhala osayenda. Palibe chimodzi mwa izi chimene munthu angakachitire umboni pamaso pa mpingo. Komabe pa izi mpamene pagona kusungika kwa galimoto, monga kusungika kwa mtima kumagona pa tintchito tosatamandika ta tsiku ndi tsiku.

Wina anganene kuti, ngati zili choncho, nzeru ndiyo kutseka kolimba koposa, kudzipatula kwa anthu ndi kwa dziko kuti chinyezi chisatifike. Koma galimoto yomwe ikutsutsa zimenezi. Imene imayenda tsiku ndi tsiku, kunyamula ana ndi matope awo, kutsegulidwa ndi kutsekedwa kosaleka, sikawirikawiri kuchita nkhungu. Imene imachita ndi yotsekedwa ija, yofundikidwa lona, pakuti chinyezi chochepa chimene chidatsalira m'kati chimasowa potulukira. Ndipo tikalingalira bwino, nkhungu si mdani woipa mwa iye yekha. Ntchito imene Mlengi adaipatsa ndiyo kubwezera kunthaka zinthu zimene zafa, ndipo popanda iyo ndi anzake nkhalango zikadatsamwa ndi masamba ake omwe. Kuchokera kwa iyonso, pamene Alexander Fleming adaiona itamera pa mbale yake yoyesera tizilombo ku London m'chaka cha 1928, dziko lidalandira penisilini. Nkhungu ikamera pa mpando siidana ndi galimoto. Yangopeza chinthu chongokhala, chonyowa, chamdima, niyesa kuti chafa. Augustine wa ku Hippo adaphunzitsa kuti choipa sichinthu cholengedwa pachokha, koma kusowa kwa chabwino pamalo amene chabwinocho chidayenera kukhala. Ndipo m'galimoto muja chimene chasowa ndi mphepo, kuwala ndi kuyenda. Mtima wodzitsekera, umene supereka kapena kulandira, umene sulola mbale wake kuusuzumira, ukudzikonzera chivundi chomwe ukuchithawa.

Latsala funso limodzi, limene lidagawa Augustine yemweyo ndi Pelagius, mpaka msonkhano wa mpingo wa ku Carthage udaweruzapo m'chaka cha 418: kodi munthu angadziyeretse ndi mphamvu zake? Pelagius ankatsindika kuti munthu akhoza kumvera ngati afuna. Augustine ankati popanda chisomo ngakhale kufunako sikungaime. Amene adayesapo kuumitsa galimoto m'masiku a mvumbi, kapena m'nyengo ya chiperoni ku Thyolo ndi Mulanje, amadziwa kuti akhoza kupukuta mpaka manja kuwawa, koma madzi olowerera mu nsalu sachoka ndi chiguduli. Amachoka ndi dzuwa ndi mphepo, zimene iye sangazilamule. Komabe dzuwa, ngakhale liwale chotani, siliumitsa galimoto yotsekedwa. Limangoitenthetsa, chinyezi nichikwera pa magalasi, usiku nichibwereranso pa mipando.

Motero mlandu wa munthu uli ndi malire ake, ndipo malirewo ndi omveka. Sadzafunsidwa chifukwa chiyani timbewu tidamugwera, pakuti timagwera onse. Ndipo sadzafunsidwa chifukwa chiyani sadadziumitse yekha, pakuti mphamvu imeneyo si yake. Adzafunsidwa ngati adafunafuna polowera madzi, ngati adakweza kapeti pamene mphuno idamuuza kuti pansi pali kanthu, ndi ngati adatsegula zitseko pa tsiku limene dzuwa lidatuluka. Izi n'zochepa, ndipo n'zotheka kwa wosauka ndi wolemera yemwe. N'chifukwa chake wozinyalanyaza alibe chowiringula.